Mawu Anali Awo, Dzina Linali la Bwana: Mafunso ndi Mayankho pa Magulu a Atsikana Oimba

Pakati pa 1958 ndi 1968, nyimbo zambiri zimene achinyamata a ku America ankavina zinkaimbidwa ndi timagulu ta atsikana atatu, anayi kapena asanu. Ambiri mwa iwo anali akuda, ana a anthu osauka a ku New York, New Jersey ndi Detroit. The Shirelles, The Crystals, The Ronettes, The Marvelettes ndi The Supremes anagulitsa zimbale miyandamiyanda, ndipo nyimbo zawo zikumvekabe m'mafilimu ndi m'mawailesi. Koma amene analemera nazo ndi eni makampani ojambula nyimbo. Oimba enieniwo ambiri anakalamba akupondaponda kukhoti, ena anamwalira ali amphawi.

Kodi atsikanawa ankapezeka bwanji m'manja mwa makampani?

Ankapezeka akadali ana asukulu. The Shirelles anali atsikana anayi a pasukulu ya sekondale ku Passaic, New Jersey. Mnzawo wina anawamva akuimba pa mpikisano wa pasukulupo mu 1957, n'kukauza mayi ake, Florence Greenberg, amene anali ndi kakampani kakang'ono ka zimbale. The Marvelettes nawo anatulukira pa mpikisano wa pasukulu ku Inkster, kufupi ndi Detroit. Diana Ross ndi Mary Wilson anali ndi zaka 16, Florence Ballard 17, pamene kampani ya Motown inawalemba mu Januwale 1961. La La Brooks wa The Crystals anaimba “Da Doo Ron Ron” ali ndi zaka 15, ndipo Mary Weiss wa The Shangri-Las anali wa msinkhu womwewo pomwe ankajambula “Leader of the Pack”.

Mwana wa zaka zimenezi sasaina yekha kontirakiti, choncho ankasaina ndi makolo. Ambiri mwa makolowa anali asanaonepo pepala lotere chibadwire, ndipo ndalama zolipira loya analibe. Pepalalo linkakhala lolembedwa ndi loya wa kampani. Mayi ankangoona kuti mwana wake wapeza mwayi wotuluka mu umphawi, ndipo ndani angamudzudzule?

Mphamvu za bwana zinkachokera pati kwenikweni?

Osati pa ukali kapena pa kukalipa ayi, ngakhale ena anali aukali ndithu. Zinkachokera pa umwini. Tepi yoyamba ya nyimbo, imene makope onse amachokerapo, inali ya kampani mpaka kalekale. Bwana ankasankha nyimbo yoti ituluke ndi yoti ikhale m'kabati, ndipo gulu linkatha kujambula chaka chonse osamva mawu ake pa wailesi, pamene kontirakiti ikuliletsa kukajambula kwina.

Nyimbo nazonso kawirikawiri sizinali za oimba. Ku New York zinkapekedwa m'timaofesi ta mu msewu wa Broadway, ku Brill Building ndi nyumba zoyandikana nayo, ndi anthu monga Carole King ndi Gerry Goffin, kapena Ellie Greenwich ndi Jeff Barry. Ku Motown nyimbo zotchuka za The Supremes ankapeka ndi Brian Holland, Lamont Dozier ndi Eddie Holland, ndipo umwini wake unkapita ku Jobete, kampani ina ya mwini Motown, Berry Gordy. Apa pali mfundo imene ambiri saidziwa: malamulo a ku America amati wailesi wamba ikaulutsa nyimbo, imalipira wopeka ndi kampani yosunga umwini wa nyimboyo, koma woimba salandira kanthu. Nyimbo ikhoza kulira pa wailesi zaka 60, mwini mawu osaona ndi senti yomwe.

Koma chingwe cholimba kuposa zonse chinali dzina la gulu. The Supremes ankadzitcha The Primettes, Gordy n'kuwauza kuti asinthe dzina asanasaine. Florence Ballard ndiye anasankha dzina latsopanolo, koma linakhala katundu wa Motown. Ndipo amene ali ndi dzina ndiye amanena kuti gululo ndi ndani. Anthu ogula zimbale ankadziwa The Crystals kapena The Marvelettes, osati maina a atsikana oimbamo. Mtsikana akayamba kufunsa mafunso, ankadziwa kuti diresi lakelo likhoza kumukwana wina.

Chimbale chagulitsidwa makope miliyoni, woimba alibe ndalama. Zinkatheka bwanji?

M'makontirakiti ambiri a nthawiyo, gawo la oimba linali pafupifupi 3 peresenti ya mtengo wa chimbale, yoti ligawane gulu lonse. Ndipo asanalandire kagawo kameneka, kampani inkayamba yachotsa zonse zimene yawononga pa iwo: lendi ya situdiyo, malipiro a oliza zida, madiresi, mawigi, mayendedwe, hotela. Nyimbo zimene zinajambulidwa koma osatuluka, kapena zimene zinatuluka osagulidwa, ngongole yake inkachotsedwa ku nyimbo imene yatchuka.

Amene akudziwa moyo wa matenanti m'maesiteti a fodya sangavutike kumvetsa. Bwana amakukongoza chimanga, feteleza ndi sopo chaka chonse, mitengo akuika ndi iye, buku akusunga ndi iye, fodya akukagulitsa ndi iye. Pakutha pa nyengo amakuwerengera n'kukuuza kuti watsala ndi zochepa, kapena kuti ngongole ikadalipo.

Chitsanzo chomveka ndi cha The Ronettes. Pa mlandu umene anasumira bwana wawo, Phil Spector, zinadziwika kuti pa nyimbo zonse zimene anamujambulira kuyambira 1963, kuphatikizapo “Be My Baby”, analandira ndalama kamodzi kokha, pafupifupi madola 15,000 onse atatu pamodzi.

Kodi n'zoona kuti bwana ankatha kutenga mawu a munthu wina n'kuwamata dzina la gulu?

N'zoona, ndipo zinachitika pa nyimbo imene inafika pa nambala wani m'dziko lonse la America. Mu 1962 Phil Spector, wa kampani ya Philles Records, anamva nyimbo ya Gene Pitney yotchedwa “He's a Rebel” ndipo anadziwa kuti kampani ya Liberty ikukonzeka kuitulutsa ndi woimba Vikki Carr. Anafuna kuwapitirira. The Crystals anali ku New York, iye ali ku Los Angeles, choncho anaitana Darlene Love ndi gulu lake la The Blossoms ku situdiyo ya Gold Star, n'kujambula nyimboyo, n'kulembapo kuti aimba ndi The Crystals.

The Crystals eni akewo anaimva koyamba pa wailesi ali pa ulendo wokaimba, woulutsa akunena kuti ndi nyimbo yawo yatsopano. Anayenera kuiphunzira kuti aziimba pamaso pa anthu. Barbara Alston, amene ankatsogolera gululo, anali wa mawu ofewa osafanana ndi a Darlene, moti udindo wotsogolera unapita kwa La La Brooks. Tsono taonani anthu amene anavulala pa chinthu chimodzi: gulu linanamiziridwa nyimbo imene silinaimbe, wotsogolera anataya malo ake, ndipo woimba weniweni anangolandira malipiro a tsiku limenelo dzina lake osamveka. Darlene ananena pambuyo pake kuti Spector anamulonjeza kuti nyimbo yotsatira, “He's Sure the Boy I Love”, idzatuluka m'dzina lake. Nayonso inatuluka ngati ya The Crystals. Ngakhale dzina lakuti Love anamupatsa ndi Spector yemweyo, poti iye anabadwa Darlene Wright.

Chaka chomwecho Spector anawaimbitsa The Crystals nyimbo yotchedwa “He Hit Me (And It Felt Like a Kiss)”, yosonyeza ngati kumenyedwa ndi mwamuna ndi chizindikiro cha chikondi. Atsikanawo sanaikonde, koma mawu okana analibe. Anaikana ndi mawailesi ndi omvera, mpaka inachotsedwa pamsika.

Ku Motown zotere zinkachitika mwakachetechete. Panali atsikana atatu otchedwa The Andantes amene mawu awo ali m'nyimbo zambirimbiri za magulu ena. Pa nyimbo ya “Love Child” ya mu 1968, ndi pa “Someday We'll Be Together” ya mu 1969, imene inali yotsanzikana ya Diana Ross ndi The Supremes, anzake a m'gululo, Mary Wilson ndi Cindy Birdsong, mulibemo mawu awo ngakhale pang'ono.

Nanga Motown, poti mwini wake anali munthu wakuda, sinali yosiyana?

Inali yosiyana m'zambiri, ndipo tiyenera kunena chilungamo. Berry Gordy anayamba kampaniyi mu 1959 ndi ngongole ya madola 800 yochokera ku thumba la banja lake, pa nthawi imene munthu wakuda kumwera kwa America sankaloledwa kudya m'lesitilanti imodzi ndi mzungu. Anali atagwirapo ntchito m'fakitale yopanga magalimoto, ndipo anafuna kuti woimba azilowa khomo limodzi ali mwana wa m'makwalala n'kutulukira khomo lina ali katswiri. Analemba Maxine Powell kuti aziphunzitsa atsikana kayendedwe, kakhalidwe pampando, katsikidwe m'galimoto ndi kalankhulidwe. Cholly Atkins ankawaphunzitsa kavinidwe. Zotsatira zake zinaoneka: The Marvelettes anapatsa Motown nambala wani yake yoyamba ndi “Please Mr. Postman” mu 1961, ndipo The Supremes anafika pa nambala wani maulendo 12, n'kukaimba ku Copacabana mu 1965, malo amene kale ankaoneka ngati a azungu olemera okhaokha. Ana akuda ambiri anayamba kudziona mwa mtundu wina atawaona pa kanema.

Vuto linali loti Motown inagwira zonse m'dzanja limodzi. Inali kampani yojambula, inali mwini wa nyimbo, inalinso manijala wa oimba kudzera m'kampani yake ya International Talent Management, imene ankayendetsa ndi mlongo wake wa Gordy, Esther. Ntchito ya manijala ndi kukangana ndi kampani m'malo mwa woimba. Nanga manijalayo akakhala wa banja limodzi ndi bwana, akangana ndi yani? Kampani inkasunganso ndalama za oimba n'kumangowapatsa zam'thumba, ndipo mawu amene ankamveka tsiku ndi tsiku anali akuti tonse ndife banja limodzi. Kufunsa buku la ndalama m'banja kumaoneka ngati mwano, ndipo ine ndimaona kuti mawu amenewa anatseka pakamwa atsikana ambiri kuposa kontirakiti yeniyeniyo.

Florence Ballard amatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi. Chinamuchitikira n'chiyani?

Florence ndiye anasonkhanitsa anzake kuti ayambe gulu limene linadzakhala The Supremes, ndipo anali ndi mawu amphamvu kwambiri mwa atatuwo. Poyamba ankasinthana kutsogolera nyimbo. Kumapeto kwa 1963 Gordy analamula kuti Diana Ross ndiye azitsogolera, poona kuti mawu ake opepuka angalowe msanga m'makutu mwa azungu ogula zimbale. Pa malonda sanaphonye: kuyambira ndi “Where Did Our Love Go” mu 1964, nyimbo zisanu zotsatizana zinafika pa nambala wani. Koma Florence anasanduka woimba kumbuyo m'gulu limene anayambitsa yekha. Gordy ndi Diana analinso pa chibwenzi, choncho panalibe wokadandaulira amene sanali mbali ya nkhaniyo.

Florence anayamba kumwa, kukangana ndi Gordy, ndi kujomba kokaimba. Zimenezi n'zoona ndipo sitingazibise. Mu Julaye 1967 ku Las Vegas anamuchotsa, m'malo mwake n'kuikamo Cindy Birdsong amene anali atamukonzekeretsa kale, ndipo gulu linasinthidwa dzina kukhala Diana Ross & the Supremes. Mu 1968 anasaina pepala lomasulidwa ku Motown, n'kupatsidwa pafupifupi madola 140,000 ngati malipiro omaliza a zonse zimene anaimba, ndipo analetsedwa kugwiritsa ntchito dzina la The Supremes podzitsatsa. Ndiye kuti popita ku kampani ya ABC kukayesa kuimba payekha, sankatha kuuza anthu chinthu chimodzi chimene ankamudziwira. Ndalama zija zambiri zinathera m'manja mwa loya wake. Anasumira Motown mu 1971 n'kuluza. Nyumba inalandidwa, ndipo iye ndi ana ake atatu aakazi anayamba kudalira thandizo la boma la anthu osowa. Anamwalira ku Detroit pa 22 Febuluwale 1976 ndi nthenda ya mtima, ali ndi zaka 32.

Nanga pamene bwanayo analinso mwamuna wako?

Imeneyi ndi nkhani ya Veronica Bennett, amene dziko limamudziwa kuti Ronnie Spector. Iye, mkulu wake Estelle ndi msuweni wawo Nedra Talley ndiwo anali The Ronettes. Nsanje ya Phil Spector inayamba kuoneka pa ntchito ukwati usanachitike: mu 1966 The Ronettes ataitanidwa kuti ayende ndi The Beatles m'mizinda ya ku America, anamuletsa Ronnie kupita, ndipo malo ake anaimira msuweni wina. Nyimbo zambiri zimene anajambula anazitsekera m'kabati.

Atakwatirana mu 1968, kuimba kunangotsala pang'ono kutheratu. M'buku la mbiri ya moyo wake la mu 1990, Ronnie anafotokoza za nyumba yozingidwa ndi waya waminga ndi agalu olondera, za kubisiridwa nsapato kuti asatuluke, ndi za kuopsezedwa kuti aphedwa. Anathawa mu 1972 wopanda nsapato, mothandizidwa ndi mayi ake, ndipo ukwati unatha mu 1974. Panthawiyo ena ankangoti Spector ndi katswiri wa khalidwe lachilendo, monga mmene anthu amachepetsera nkhanza za munthu waluso. Mu 2009 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wopha Lana Clarkson m'nyumba mwake mu 2003, ndipo anamwalira ali mkaidi mu 2021.

Ndiye kuti ndi nkhani ya amuna kupondereza akazi basi?

Osati yokhayo. Bwana wa The Shirelles anali mayi, Florence Greenberg wa Scepter Records uja, amene atsikanawo ankamutenga ngati kholo. “Will You Love Me Tomorrow” inafika pa nambala wani kumayambiriro kwa 1961, koyamba kuti gulu la atsikana akuda lifike pamenepo. Anauzidwa kuti ndalama zawo zikusungidwa m'thumba lapadera kuti adzalandire akakwana zaka 21. Atakwana zakazo anapeza kuti thumbalo kulibe. Anasuma, kampani nayo inawasumira, ndipo pomwe nkhani inkatha mu 1965 nyengo yawo inali itadutsa. Oimba aamuna akuda nawonso anadyeredwa masuku pamutu ndi makontirakiti omwewa.

Komabe pali zimene zinkagwera atsikana okha. Mnyamata ankatha kukhala woliza gitala, wopeka, kenako wojambulira anzake, n'kuyamba kudya mbali ya bwana. Smokey Robinson anafika pokhala wachiwiri kwa mkulu wa Motown. Kwa mtsikana woimba makwerero amenewa anali osowa kwambiri. Thupi lake, tsitsi lake, chibwenzi chake ndi mimba yake zonse zinali nkhani za kampani. Akatenga pathupi kapena kukwatiwa, wina ankalowa m'malo mwake gulu n'kupitirira ndi dzina lomwelo.

Bwanji sankangochoka, kapena kupita kukhoti msanga?

Wochoka ankasiya dzina, nyimbo ndi matepi, n'kukayamba ngati mlendo. Mary Wells, amene ankaimba payekha, anakwanitsa kuthetsa kontirakiti yake ndi Motown mu 1964 atakwana zaka 21, ponena kuti anasaina ali mwana, koma sanatchukenso ngati kale, ndipo anzake anaona. Mary Weiss ananena kuti milandu ya makontirakiti a The Shangri-Las inamutsekereza kujambula kwa zaka 10, mpaka anakalowa ntchito ya m'ofesi.

Amene anasuma anadikira nthawi yaitali. Darlene Love, amene pa nthawi ina ankakolopa m'nyumba za anthu olemera ku Beverly Hills, anapambana pafupifupi madola 250,000 kwa Spector mu 1997, patapita zaka 35 chijambulire “He's a Rebel”. The Ronettes anasuma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, “Be My Baby” itangomveka kumene mu filimu ya Dirty Dancing iwo osalandirapo kanthu. Mu 2000 woweruza anawapatsa madola 2.6 miliyoni, koma mu 2002 khoti lalikulu la chigawo cha New York linagamula kuti kontirakiti ya mu 1963 inapereka umwini wonse wa matepi kwa Spector, kotero anali ndi ufulu wowagulitsa ku mafilimu ndi kwa otsatsa malonda, ndipo ndalama zija zinatsitsidwa. Pepala limene linasainidwa ndi atsikana opanda loya linagwirabe ntchito patatha pafupifupi zaka 40.

Kodi zinali ku America kokha?

Ayi. Achikulire amene anavina simanjemanje akukumbukira Dark City Sisters ndi Mahotella Queens a ku Johannesburg. Magulu onse awiriwa anawumbidwa ndi munthu mmodzi, Rupert Bopape, poyamba ku EMI, kenako ku Mavuthela, nthambi ya kampani ya Gallo imene anayamba kuiyendetsa mu 1964. Bopape anali ndi gulu limodzi la atsikana a mu situdiyo amene ankajambula pansi pa maina osiyanasiyana: lero ndi Mahotella Queens, mawa ndi Marula Boom Stars kapena Izintombi Zomgqashiyo. Wogula ankaganiza kuti akugula magulu angapo, chikhalirecho ndi mawu omwewo. Pansi pa ulamuliro wa tsankho, oimba akuda ambiri ankangolipidwa kamodzi pa nyimbo iliyonse basi. Atsikana oyambawo atachoka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Bopape anaika ena pa dzina lomwelo. Atatu mwa oyambawo, Hilda Tloubatla, Nobesuthu Mbadu ndi Mildred Mangxola, anadzabwerera m'zaka za m'ma 1980 n'kuzungulira dziko lapansi pamodzi ndi woimba mnzawo Mahlathini, amene ngakhale anatchuka chotero anamwalira wosauka mu 1999.

Zinatha liti?

Sizinathe ndi nyengo ya mawigi ija. Mu Julaye 1995 gulu la TLC la ku Atlanta linakanena kukhoti kuti lalephera kubweza ngongole zokwana madola 3.5 miliyoni, pa nthawi imene chimbale chawo cha CrazySexyCool chinkagulidwa ngati chaulere, mpaka kupitirira makope 10 miliyoni ku America kokha. Mbali ina ya ngongoleyo inali ya mavuto awo, monga nyumba imene Lisa Lopes anatentha ndi mabilu a kuchipatala a Tionne Watkins amene amadwala sickle cell. Koma kamangidwe ka kontirakiti kanali kodziwika: manijala wawo, Pebbles, anali mkazi wa L.A. Reid, mmodzi wa eni kampani ya LaFace imene inkawajambula, ndipo dzina lakuti TLC linali m'manja mwa kampani ya Pebbles mpaka atsikanawo analigula. Pebbles wakhala akukana kuti anawabera. Mu 2000, LeToya Luckett ndi LaTavia Roberson a Destiny's Child, amene anali atadandaula za manijala Mathew Knowles, bambo ake a Beyoncé, anadziwa kuti achotsedwa ataona atsikana ena awiri mu vidiyo ya “Say My Name”.

Zimene zinasinthako, anazimenyera ndi oimba akale omwewo. Mary Wilson anayenda m'nyumba za malamulo za zigawo zambiri za America kulimbikitsa lamulo loletsa anthu kuimba pa dzina la gulu lakale pamene mulibe ndi mmodzi yemwe wa oimba enieni, ndipo zigawo zoposa 30 zinalivomereza. Iye ndi Darlene Love anali m'gulu la amene anakankha lamulo la Music Modernization Act la mu 2018, limene linatsegula njira yoti nyimbo zojambulidwa chisanafike chaka cha 1972 zizilipiridwa zikaulutsidwa pa intaneti ndi pa wailesi za setilaiti. Wailesi wamba sinakhudzidwe, ndipo mpaka pano siilipira woimba. Matepi nawo sanabwerere kwa eni mawu. Gordy anagulitsa Motown mu 1988 pa madola 61 miliyoni, ndipo matepi a The Supremes ndi The Marvelettes lero ali m'manja mwa Universal Music Group.